Timanyumba ta magemu tikutilakwira

Nkhani ya magemu ikabuka pamsonkhano wa makolo kusukulu, kapena pakhonde la golosale pamene azibambo akumwa tiyi, chigamulo chimakhala chimodzi: timanyumba ta magemu tatha ana, atitseke basi. Ine ndine mmodzi wa akuluakulu amene amasewera magemu akapeza mpata, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndasewerapo a mpira, omenyana, oyendetsa galimoto ndi owomberana, ena pa TV ena pafoni. Zimene ndaona n'zakuti mkwiyo wathu tauloza polakwika. Kanyumba ka malata kaja, ka TV imodzi ndi mapadi awiri, kali ndi zolakwa zake ndipo ndizitchula. Koma pa zonse zimene achinyamata a kuno ku Mangochi akusewera masiku ano, kanyumbako ndiye kabwinoko. Zoopsa zenizeni zili m'foni, munthu amazisewera ali yekhayekha, ndipo zambiri amazitcha zaulere.

Nthawi yokhala chete kuno ilipo yambiri, ndipo sikuti ndi ulesi ayi. Msodzi wa usipa amagwira ntchito usiku, koma mwezi ukawala nyali za pabwato sizikopa nsomba, ndiye amakhala kumtunda. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, chilimira chimagona pagombe masiku angapo. Kumapeto kwa chaka nyanja amaitseka kuti chambo chiswane. Wakabaza amatha theka la tsiku pasiteji akudikira wokwera. Mnyamata wolemba mayeso a MSCE amadikira zotsatira miyezi, wina akudikira pasipoti ndi ndalama ya basi yopita ku Joni. Makolo athu nthawi yotereyi ankaithera pabawo, ndipo mpaka lero palibe msika wa m'boma lino umene mungalephere kupeza bawo pansi pa mtengo. Sindinamvepo msonkhano woti bawo aletsedwe. Anthu awiri, maenje 32, oonerera gulu akulangiza osafunsidwa, wogonja adzuke apereke malo kwa wina. Amene analowapo m'kanyumba ka magemu akudziwa kuti dongosolo lake ndi lomwelo.

Makina ambiri a magemu anafika kuno m'katundu wa obwera ku Joni, pamodzi ndi ma TV, masipika ndi mabulangete. Yotsegula njira inali PlayStation 2, imene kampani ya Sony inatulutsa m'chaka cha 2000. Padziko lonse inagulidwa yoposa 150 miliyoni, ndipo ku Ulaya ataiiwala kalekale, kuno inali ikudyetsabe mabanja. Siifuna intaneti, sidya magetsi ambiri moti sola ndi batire zimaikwanitsa, ndipo ikafa mnyamata wokonza mafoni pamsika amaitsegula n'kuidzutsa. Lero m'tauni mumapezeka kwambiri PS3 ndi PS4. PS5 ya mu 2020 ija njosowa chifukwa cha mtengo, makamaka Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Talowani m'kanyumba kamodzi Loweruka masana. Kutentha kwa Mangochi pansi pa malata, fani imodzi ikuzungulira mwaulesi, mabenchi awiri odzaza. Padi imodzi njomanga ndi selotepi, batani la X linafufutika, kandodo ka kumanzere kamakokera kumbali kokha. Ndiye mkangano woyamba umakhala wa padi, wachiwiri wa timu, poti aliyense akufuna Real Madrid kapena Manchester City. Mwini malo amaika chigawo chilichonse pa mphindi 4 kapena 5 kuti mzere uziyenda. Wina akachinya amaimirira, n'kuonetsanso chigolicho kawiri, mnzake akudandaula: "Aise, tiye nazo, nthawi ikutha iyi." Kumbuyo kamnyamata ka sitandade 6 kakulangiza bambo wandevu: "Achimwene, musamangothamanga, osewera anu atopa, taonani kamzere kali pansipo." Ndipo kakunena zoona. Woyimbira akaliza wezulo yomaliza, wogonja amapereka padi, amalipira, amatuluka kukapuma mphepo uku akuuza aliyense kuti padi ndi imene inali yoipa. Ndalama imene analowa nayo amaidziwa. Ikatha, masewera atha, azipita kwawo.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yanga. Gemu ya m'kanyumba imatha, mtengo wake umadziwika usanakhale pansi, ndipo amene ukupikisana naye ali pambali pako, mawa mukumana naye kumzikiti, kutchalitchi kapena pamjigo. Ukatukwana, wamkulu ali pomwepo akudzudzula. Ukakhalitsa, mzere wa anzako umakuchotsa. Mayi akafuna mwana wawo amadziwa chitseko chogogoda.

Mkangano wa magemu a mpira a FIFA ndi PES kuno sudzatha. FIFA ndi ya kampani ya EA Sports, inayamba mu 1993. Mgwirizano wa kampaniyi ndi bungwe la mpira padziko lonse unatha ndi FIFA 23, moti kuyambira 2023 gemuyi imatuluka ndi dzina la EA Sports FC, ngakhale kuno palibe amene amaitchula choncho. PES ndi ya Konami ya ku Japan, ndipo mu 2021 anaisintha kukhala eFootball. Ine ndine wa PES, makamaka zakale monga PES 6 ndi PES 2013. Mpira wake ngwolemera, pasi yoponya mosaganiza imathera kwa adani, ndipo chigoli umachigwirira ntchito kuyambira kumbuyo. FIFA njokongola, mayina enieni, mayunifolomu enieni, mabwalo enieni, koma chimene chimalamula ndi liwiro. Mpatse Mbappé mpira, kanikiza batani lothamangira, zina zonse zichitika zokha. N'chifukwa chake ana amaikonda, ndipo n'chifukwa chake ine imanditopetsa msanga. PES yakale inalibe chilolezo cha mayina a matimu ambiri a ku England, ndiye Liverpool inali Merseyside Red, Chelsea inali London FC, Manchester City inali Man Blue. Panali anyamata amene ankatha tsiku lonse akukonza mayinawo chilembo ndi chilembo, popanda wowalipira.

Chondinyansa m'magemu a mpirawa ndi china. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango anachinya chigoli cha patali chija pamasewera a Flames ndi Morocco, tisanagonje 2-1. Mwana aliyense wogwira padi anafuna kuchibwereza, koma mu FIFA timu ya Flames mulibe, Bullets mulibe, Wanderers mulibe, Silver mulibe. Mwana wa ku Monkey Bay amatha kukutchulirani osewera onse a Bayern Munich mpaka apabenchi, koma mufunseni oteteza kumbuyo a Flames, akuyang'anani. Pafoni anyamata anapeza njira yawo. Dream League Soccer imalola kulowetsa yunifolomu ndi chizindikiro cha timu imene ukufuna, ndiye mumapeza timu yovala zofiira za Maule ikumenyana ndi Barcelona, ngakhale osewera ake ali akunja okhaokha. Chosangalatsa n'chakuti chiyambire pamene EA inalowetsa maligi a amayi, monga ya ku France ndi ya ku America, Mmalawi amene mungamupeze mosavutikira mu FIFA ndi mkazi wa ku Rumphi: Tabitha Chawinga, amene anapita ku Lyon mu 2024, kapena mng'ono wake Temwa wa ku Kansas City Current, amene chaka chomwecho anachinya zigoli 20 mu ligi n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Pamene m'kanyumba kathu kaja mtsikana simungamuone ngakhale mmodzi. Iye ali kunyumba akutsuka mbale, ndipo izi pamsonkhano wa makolo palibe amene amazidandaula.

Gemu imene makolo ali ndi chifukwa chenicheni choidera nkhawa m'timanyumbati ndi Grand Theft Auto, makamaka San Andreas ya mu 2004. Ndinene kaye chilungamo: ndi gemu yopangidwa mwaluso kwambiri. Mizinda itatu, Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas, pakati pake mapiri, minda ndi chipululu, zonse m'kachimbale kamodzi. CJ, mwini nkhani wa gemuyi, amayamba nkhani yake pa njinga yakapalasa, akadya kwambiri amanenepa, akanyamula zitsulo amakhwima. Ine ndimaikonda pa zinthu zimene ena amaziona zopanda pake, kungotenga galimoto n'kutuluka mumzinda dzuwa likulowa. Koma nkhani yake ndi ya magulu a zigawenga, mfuti, mankhwala ozunguza bongo, apolisi akatangale ndi kutukwana kosalekeza. Ana a kuno satsatira nkhaniyo n'komwe, poti Chingerezi chake n'chothamanga. Amaloweza timanambala tachinsinsi totulutsa zida, n'kuyamba kuwombera aliyense pamsewu mpaka helikopita ya apolisi ifike. Pachikuto cha gemuyi ku Ulaya pamalembedwa 18, koma kuno chikuto chimenecho palibe anachionapo, magemu amabwera atathiridwa kale m'makina kapena pa fulashi. Gemu yomenyana ya Mortal Kombat nayo chimodzimodzi. Ya mu 1992 ija, ndi kudulana mitu kwake, inali imodzi mwa magemu amene anachititsa kuti ku America akhazikitse bungwe loika zaka pa magemu mu 1994. Eni ake magemu anavomera okha kuti si za ana. Ife tikuikira mwana wa zaka 8, bola walipira.

Sindikunena kuti mwana wosewera GTA adzakula kukhala chigawenga. Anzanga amene tinakulira nayo lero ndi aphunzitsi, madalaivala ndi ogulitsa nsomba ku Limbe. Ndikunena kuti vuto limeneli lili ndi pogwira. Pali munthu mmodzi, mwini kanyumba, amene amasankha chimene chili pa TV. Mfumu ikhoza kumuitana, komiti ya sukulu ikhoza kumuyendera, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata a m'mudzi momwemo odziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pali magemu ena amene sindikhalitsapo. Euro Truck Simulator 2 ya mu 2012 imakulipiritsa chindapusa ukadutsa pa loboti lofiira, ndipo ukayendetsa nthawi yaitali osagona dalaivala wako amayamba kuwodzera. Ndimalakalaka madalaivala ena a maminibasi a pamsewu wa Liwonde akanaisewerako. Bus Simulator Indonesia imakondedwa pafoni chifukwa kumeneko amayenda kumanzere ngati kuno, ndipo basi ukhoza kuipenta mmene ukufunira. Minecraft ndinaisiya msanga, maso anga sanagwirizane ndi timabokosi take, koma ndinaonapo mwana akumangamo mlatho wowoloka mtsinje n'kumanena kuti ndi wa pa Shire, ndipo ndinamusilira. Subway Surfers ndi Temple Run n'zongothamanga mpaka ugunde chinthu, zabwino podikira pamzere kuchipatala. Snake ya pa Nokia 3310 ija ndimaipatsabe ulemu, poti inali ya batire la sabata yathunthu ndipo sinapemphepo munthu ndalama.

Kupempha ndalamako ndiye kusiyana kwa magemu akale ndi atsopano. Kale unkagula gemu kamodzi, wopanga n'kuthana nawe. Lero gemu yapafoni umaitsitsa ulere, ndiye wopangayo ayenera kupeza phindu mwa njira ina: akusunge nthawi yaitali uzionera zotsatsa malonda, kapena akukwiyitse pang'onopang'ono mpaka ulipire. Candy Crush Saga ya mu 2012, imene amayi ambiri ogulitsa pamsika amasewera kasitomala akasowa, imakupatsa miyoyo 5. Ikatha, udikire mphindi 30 pa moyo uliwonse, kapena ugule. Mapeto ake simudzawaona, poti masiteji alipo zikwizikwi ndipo amawonjezerabe.

Free Fire ndiyo yagwira anyamata a sekondale. Inatuluka mu 2017 kuchokera ku kampani ya Garena ya ku Singapore, ndipo inapangidwa dala kuti iziyenda pa mafoni otsika mtengo amene gemu inzake yowomberana ya PUBG Mobile imawalemera. Anthu 50 amatsika ndi parachuti pachilumba, aliyense atole mfuti, malo otetezeka akuchepachepa, wotsala womaliza ndiye wapambana, zonse m'mphindi pafupifupi 10. Ndinene zoona, mtima umagunda. Mukatsala atatu, uli chigonere muudzu, ukumva mapazi a munthu m'mahedifoni koma osamuona, thukuta limatuluka lenileni. Kusewera anayi pagulu, mukulankhulana, wina wagwa mnzake akukamudzutsa, n'kokoma kuposa magemu ambiri a pa TV. Koma mphindi 10 zija n'zonyenga. Ukangofa, batani loyambiranso lili pomwepo pansi pa chala, palibe mzere wa anthu wokuchotsa, palibe mwini malo wofuna kutseka. Ukalowa tsiku lililonse amakupatsa kamphatso, ukajomba kakupita. Ukasiya kusewera anzako amakupitirira pa mndandanda. Zovala zokongola ndi anthu amphamvu zapadera zimagulidwa ndi madayamondi, ndipo madayamondiwo ndi ndalama zenizeni. Pamwamba pa izo pali bandulo. Ndipo masewera enieni amayamba usiku, netiweki ikapepuka, nyumba yonse itagona. Mwana amene mayi ake akunyadira kuti sapita ku magemu, amakhala pakhomo, mwina ndi amene akugona 2 koloko m'mawa foni ili m'bulangete.

Magemu a mpira nawo akalumikizidwa ku intaneti amasintha khalidwe. Mu Ultimate Team ya EA, imene inayamba mu 2009, komanso mu eFootball yapafoni, osewera abwino amatuluka m'mapaketi otseka. Umalipira usanadziwe chimene chili mkati. Dziko la Belgium mu 2018 linagamula kuti mapaketi ogula otere ndi juga. Nalo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika chizolowezi cha magemu pa mndandanda wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Koma tisathamange nazo, poti tanthauzo lake ndi lopapatiza: munthu walephera kudziletsa, magemu alanda malo a sukulu, ntchito ndi tulo, akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuwononga, ndipo zakhala choncho pafupifupi miyezi 12. Mwana wosewera mpira Loweruka ndi anzake sali m'gulu limenelo.

Tsopano kandege. Ambiri amakaika pamodzi ndi magemu poti kali pafoni, kali ndi zithunzi ndi kaphokoso kake, ndipo amene amasewera amati akusewera gemu. Dzina lake lenileni ndi Aviator, inapangidwa ndi kampani ya Spribe ndipo inatuluka mu 2019, lero makampani obetcha ambiri ali nayo. Umaika ndalama, kandege kofiira kamanyamuka, nambala ikukwera kuchokera pa 1.00 kupita m'mwamba. Ukadina kasanathawe, ndalama yako imachulukitsidwa ndi nambalayo. Kakathawa usanadine, yapita yonse. Mu PES ukagonja ukhoza kuphunzira kuteteza, mu Free Fire ukhoza kuphunzira kuloza mfuti, pabawo ukhoza kuphunzira kuwerenga maenje. Pa kandege palibe chophunzira. Pamene kathawire pamasankhidwa ndi kompyuta mwamaere, ndipo ulendo wapitawo sukhudza ulendo ukubwerawo. Timanambala ta maulendo akale timene timaoneka pamwamba, timene anyamata amakopera m'kope kufuna kupeza njira yake, tilibe uthenga uliwonse. Amene akugulitsa timapulogalamu tolosera pa WhatsApp ndi Facebook akanakhala kuti amadziwadi, sakanavutika n'kupempha ndalama yanu.

Opanga amanena okha kuti gemuyi imabweza 97 peresenti ya ndalama zobetchedwa. Nambalayi imamveka yabwino, koma taiwerengerani. Pa K100 iliyonse imene anthu onse aika, K97 imabwerera kwa iwo, K3 imatsala. Vuto n'lakuti palibe amene amabetcha kamodzi. Ulendo umodzi umatha m'masekondi, ndipo ndalama yowina ija imabwereranso momwemo. Ukaizunguza yonse maulendo 23, mwa masamu umayembekezera kutsala ndi theka chabe, ndipo maulendo 23 ndi nkhani ya mphindi zowerengeka. Mwayi woti kafike pa 2.00 sukwana theka. Woti kafike pa 10.00 ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 10. Kumbali kwa sikirini amakuonetsa ena amene awina panthawiyo, ndipo mnzako akawina amajambula n'kuika pa sitetasi. Tsiku loluza palibe amene amajambula.

Ndinakhalapo pafupi ndi mnyamata wakabaza pasiteji ina masana, njinga yamoto ili pamthunzi, iye ali pa kandege. Sanali kuseka, sanali kulankhula, chala chili lendelende pamwamba pa batani, milomo ikuyenda. Kanathawa pa 1.08. Anatsonya, n'kutuluka kukalowa ku ndalama za pafoni, n'kuthiranso. Mayi wina atasenza dengu la usipa anamuitana: "Mwanangu, tandiperekezeni kudepoti." Iye osadzutsa mutu: "Dikirani pang'ono, mayi." Mayiwo anakwera ya mnzake. Njingayo si yake, madzulo mwini wake akufuna ndalama ya tsiku, mafuta ayenera kuthiridwa. M'kanyumba ka magemu sindinaonepo nkhope yoteroyo. Kumeneko wogonja amakwiya, koma amakwiyira munthu, ndipo pakapita mphindi ziwiri akuseka.

Lamulo lilipo. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la juga ndi malotale, ndipo bungwe la MAGLA ndi limene limayang'anira. Wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Pashopu yobetcha mwana akhoza kubwezedwa pakhomo. Nanga pafoni ya mayi ake, yolembetsedwa ndi chiphaso cha mayi ake, imene nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba amaidziwa poti ndi iye amatumidwa kukatapa ndalama zochokera ku Joni? Pamenepo palibe mlonda. Chisilamu chimaletsa juga poyera, mipingo nayo imadzudzula, ndipo m'boma lino anthu opemphera ndi ochuluka. Koma kale wa juga ankaoneka, ankakhala kuseri kwa msika ndi makadi, mudzi wonse unkamudziwa. Lero akhoza kukhala pamphasa imodzi ndi bambo ake akuoneka ngati akuwerenga uthenga.

Odana ndi timanyumba ta magemu ali ndi mfundo zimene sindingazikane. Alipo ana amene amachoka kunyumba atavala yunifolomu n'kukathera kumeneko. Alipo amene amajomba madrasa. Alipo amene amasolola chenji cha sopo kuti akasewere. M'timanyumba tina akuluakulu amabetcherana pa gemu ya mpira, ndipo ndewu zimayambira pamenepo. Boma la Mangochi lili kale ndi vuto la ana osiya sukulu, anyamata kuthamangira kunyanja ndi ku Joni, atsikana kukwatiwa adakali aang'ono, ndiye kholo likaona chinthu china chokoka mwana, mantha ake ngomveka. Koma ana ankathawa sukulu kukaonera mafilimu m'mavidiyo sho magemu asanabwere, ndipo mavidiyo asanabwere ankathawira kugombe kukakoka nawo khoka kuti apatsidwe ndiwo. Mukatseka kanyumba lero, mwanayo sabwerera ku masamu. Abwereka foni ya mkulu wake, ndipo kumeneko simudzamuonanso chimene akuchita.

Ndikanakhala mfumu kapena wapampando wa komiti ya sukulu, sindikanatseka kanyumba ngakhale kamodzi. Ndikanaitana eni ake onse a m'dera langa n'kugwirizana nawo zinthu zochepa zotheka. Mwana wasukulu asalowe nthawi ya maphunziro ndi ya madrasa, kaya wavala yunifolomu kaya waibisa m'chikwama. GTA ndi Mortal Kombat ziziikidwa ana atapita kwawo. Kubetcherana kusakhalepo. Wophwanya alipire kwa mfumu monga amalipirira wina aliyense wolakwira mudzi. Ndikanawapemphanso kuti patchuthi azikonza kapu ya mpira wa pa TV, mayina alembedwe papepala pakhoma, atsikana akhale ndi tsiku lawo, ndipo bambo amene akufuna kudziwa chimene chimakoka mwana wake apatsidwe padi, agonje 6-0 pamaso pa anthu.

Za m'foni zilibe mfumu yoti iziitane, zimafuna kholo lenilenilo. Kulanda foni sikuthandiza kwenikweni, poti abwereka ina. Chothandiza n'kukhala naye pansi, akuonetseni chimene amasewera, mumufunse mafunso wamba: imatha liti, imafuna bandulo yochuluka bwanji, muli chogula, ukaluza umataya chiyani? Usiku foni izitchajidwa pabalaza. Nambala yachinsinsi ya ndalama isinthidwe, ndipo mauthenga a ndalama zotuluka muziwawerenga kapena mupemphe wina akuwerengereni. Mukaona timandalama ting'onoting'ono tikutuluka kangapo pa ola limodzi kupita ku nambala imodzimodzi ya kampani, makamaka usiku, m'nyumbamo muli wina amene ali pa kandege, ndipo musathamangire kuloza mwana musanafunse bambo ake.